Buku ndi lokoma koma mwini wake anali watsankho: mwana awerenge kapena ayi?

Mayi wina wa ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre wanditumizira imelo, ndipo wavomera kuti ndiyankhire pano poti ena angakhale ndi funso lomweli. Ndadula moni ndi nkhani za m'banja:

"Achemwali anga amene ali ku Leicester anatitumizira katoni ya mabuku amene ana awo anamaliza kuwerenga. Muli a Roald Dahl, a Enid Blyton ambirimbiri, ndi a zithunzi aja a Tintin. Mwana wanga wamkazi wazaka 10, amene kale sankafuna n'komwe kugwira buku, pano timachita kulimbana naye kuti azimitse nyali agone. Ndiye alamu anga, omwe ndi aphunzitsi, atawaona anati anthu amene analemba mabukuwa anali atsankho, Dahl ankadana ndi Ayuda, Blyton ankanyoza anthu akuda, ndipo ndikumuwononga mwana. Bambo a kunyumba akuti zimenezo n'zakale, inali nthawi yawo, buku ndi buku basi. Ine ndaima pakati. Kodi n'zotheka kuliweruza buku palokha, osayang'ana mwini wake ndi nthawi imene analilemba?"

Mayi, katoniyo musataye. Komanso musaipereke yonse kwa mwana mutatsinzina. Alamu anu sakunama pa zimene anena za anthuwa. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa chigamulo, chifukwa mlandu akuzenga munthu koma chilango akupereka kwa mabuku, ngati kuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Bambo a kunyumba nawonso ali ndi mfundo, kungoti mawu akuti "inali nthawi yawo" ndi amene ndikuwakana kwambiri pa zonse mwalembazi. Mwana wanu sadzakumana ndi Dahl kapena Blyton. Anapita kale, wina mu 1990, wina mu 1968. Chimene akukumana nacho ndi tsamba limene watsegula pamiyendo pake. Choncho ine ndimafunsa kuti: choipa cha munthuyu chinathera pakamwa pake ndi m'nyumba mwake, kapena chinalowa m'nkhani? Yankho silikhala limodzi pa mabuku onse a munthu mmodzi, n'chifukwa chake pafunika kuwatenga limodzilimodzi.

Tiyambe ndi Dahl, poti mlandu wake uli poyera. Anabadwira ku Wales mu 1916, makolo ake anali ochokera ku Norway, ndipo ali mnyamata anagwirako ntchito kukampani ya mafuta ya Shell ku Dar es Salaam nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Mu 1983, polankhula ndi mtolankhani wa magazini ya New Statesman, ananena kuti Ayuda ali ndi khalidwe lina limene limaputa chidani, n'kuwonjezera kuti ngakhale Hitler sanangowayamba popanda chifukwa. Apa n'kuti dziko lonse likudziwa za Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa, ndiye palibe anganene kuti analankhula mosadziwa. Mu 1990, chaka chimene anamwalira, anauza nyuzipepala ya Independent kuti wafika podana ndi Ayuda. Amene anapepesa ndi a banja lake, mu 2020, iye atagona m'manda zaka 30.

Munthu yemweyu anataya mwana wake wamkazi Olivia mu 1962, ali ndi zaka 7, chifukwa cha chikuku, ndipo patapita zaka analemba kalata yodandaulira makolo kuti azibayitsa ana katemera, kalata imene anthu a zaumoyo amaigawabe mpaka lero. Mwana wake wamwamuna Theo atagundidwa ndi galimoto ku New York ali khanda, n'kuyamba kudzadza madzi m'mutu, Dahl anagwirizana ndi katswiri wa makina Stanley Wade ndi dokotala Kenneth Till n'kupanga kachipangizo kotulutsira madziwo, kamene kanathandiza ana pafupifupi 3,000, ndipo atatuwo anakana kupangirapo phindu. Sindikutchula izi kuti ndimuikire kumbuyo. Ndikufuna muone vuto la kuyeza buku ndi mbiri ya mwini wake: titenga Dahl uti? Kalata ya katemera siikometsa buku lililonse limene analemba, ndipo mawu a mu 1983 saliwononga. Zonse ziwiri zili kunja kwa chikuto.

Tsegulani Matilda, la mu 1988. Kamtsikana kali ndi makolo amene amangosamala za wailesi yakanema ndi ndalama. Bambo ake amagulitsa magalimoto akale mwachinyengo, kuthira utuchi m'giyabokisi kuti isamveke phokoso ndi kubweza m'mbuyo manambala a mtunda umene galimoto yayenda. Kamtsikanako kamanyamuka kokha kupita kulaibulale, n'kumaliza mabuku onse a ana, kenaka n'kuyamba a akuluakulu. Kusukulu kuli mphunzitsi wamkulu wankhanza amene amagwira mwana tsitsi n'kumuzunguza m'mwamba, komanso kuli mphunzitsi wina wofatsa amene amaona nzeru za mwanayu. Ine m'bukuli chidani cha Ayuda sindichipeza. Ndimapeza mtsikana amene kuwerenga kwamupatsa mphamvu pakati pa akuluakulu opanda chilungamo, ndipo mtsikana wazaka 10 wa ku Chilomoni sindingamulande zimenezo chifukwa cha zimene nkhalamba ina inauza mtolankhani iye asanabadwe. Pali ena amene amati m'buku lake lina la The Witches afiti a m'menemo, gulu lachinsinsi la ndalama zambiri lofuna kupha ana, akufanana ndi mabodza akale amene ankanamizira Ayuda ku Ulaya. Limenelo muyambe mwawerenga nokha, muone mmene likukhalirani.

Ndiponso ife kuno kwathu tisachedwe kuiwala kumene njira yoweruza buku potengera mwini wake imakathera. Kuyambira 1968 tinali ndi bungwe la boma loletsa mabuku ndi mafilimu, ndipo nthawi zina chimene chinkayang'anidwa ndi dzina la pachikuto. Ndakatulo za Jack Mapanje zinachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu mu 1985, ndipo mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Sindikuti alamu anu ndi boma, ayi. Kholo lili ndi ufulu wonse wosankhira mwana wake chowerenga. Koma ndimachita mantha ndikamva kuti buku lichoke pashelefu anthu asanalitsegule. Nanga nthano zathu za kalulu, anayamba kuzikamba ndani? Ankamwa? Ankamenya mkazi? Palibe akudziwa, ndipo palibe agogo amene anadikira kuti adziwe kaye asananene "padangokhala" ana n'kuyankha "tilitonse". Ankayang'ana nthanoyo ngati ili yoyenera makutu a ana, ndipo ina ankaisiya.

Pamene alamu anu ali ndi mlandu weniweni ndi pa Charlie and the Chocolate Factory, ndipo mlanduwo sukukhudza Ayuda, ukukhudza ifeyo. Bukuli litatuluka koyamba mu 1964, antchito a m'fakitale ya chokoleti aja, otchedwa Oompa-Loompa, anali anthu akuda afupiafupi, akafula, amene mwini fakitale Willy Wonka anakawatenga m'katikati mwa nkhalango za mu Africa. Nkhani imati anawapeza akukhala m'mitengo, atatheratu ndi njala, akudya mbozi zobiriwira zosakoma (ife odya mphalabungu ndi matondo tingoseka apa). Anakambirana ndi mfumu yawo, n'kulonjeza nyemba za koko zochuluka mmene angafunire. Kenaka anawalonga m'mabokosi akuluakulu oboola kuti azipuma, n'kuwazembetsa pa sitima mpaka kufakitale yake. Kumeneko amakhala mkati mwa mpanda, malipiro awo ndi koko, ndipo maswiti atsopano amayesedwa pa iwo, ena n'kupwetekeka nawo. Koma amaimba, amavina, ndi osangalala. Munthu amene agogo ake anagwira thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi ku Mulanje sangawerenge ndime imeneyi ngati nthabwala chabe.

Anthu sanadikire mpaka masiku a Facebook kuti adandaule. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda ku America la NAACP linalankhula pamene filimu yake inkakonzedwa, ndipo mufilimu ya mu 1971 antchitowo anawapaka khungu la olenji ndi tsitsi lobiriwira. Mu 1972 mlembi wina wa mabuku a ana, Eleanor Cameron, analidzudzula bukuli m'magazini ya Horn Book. Mu 1973 Dahl mwini wake anakonzanso ndimeyo: khungu linasanduka loyera, tsitsi lofiirira, ndipo kwawo sikunalinso ku Africa koma dziko lopeka. Buku limene lili m'katoni mwanu mwina ndi lokonzedwalo. Onani tsamba la kuseri kwa mutu wa buku, pamene pamalembedwa zaka zosindikizira. Koma dziwani kuti chimene chinasintha mu 1973 ndi maonekedwe awo ndi kwawo basi. Mabokosi oboola aja alipobe, malipiro akadali koko. Ine bukuli ndingamupatse mwana, chifukwa mtima wake uli pa Charlie, mwana wa m'banja losauka lodya supu wa kabichi tsiku ndi tsiku. Kungoti akafika pamenepo ndingamufunse, osati molalikira koma mocheza, kuti anthuwa akafuna kubwerera kwawo angatuluke? Mwana wazaka 10 funso lotere amalitha, ndipo nthawi zina amayankha mwaukali kuposa mmene inu mukanayankhira. Kuti nkhani ivute kwambiri, mkazi wamasiye wa Dahl ananena pa BBC mu 2017 kuti poyamba Charlie mwiniyo anali mwana wakuda, ndipo wolemba mbiri ya Dahl, Donald Sturrock, anawonjezera kuti amene ankagulitsira Dahl mabuku kwa osindikiza ndiye anamulangiza kuti asinthe.

Tsopano bambo a kunyumba, ndi "inali nthawi yawo". Apa ndikhalitsapo pang'ono, ndipo nditenga Tintin chifukwa ndi pamene mawuwa amagwiritsidwa ntchito kwambiri.

Tintin in the Congo inayamba kutuluka chigawochigawo mu 1930 mpaka 1931 m'kanyuzipepala ka ana ka Akatolika ku Brussels. Wojambula wake, Georges Remi, amene timamudziwa kuti Hergé, anali ndi zaka 23 ndipo ku Congo anali asanapondeko. Bwana wake, wansembe Norbert Wallez, ndiye anamutuma kuti ajambule nkhani yokopa ana a ku Belgium kukonda dziko limene ankalilamulira. Onani zimene zili m'menemo. Anthu onse akuda ali ndi milomo ikuluikulu yofanana, nkhope zosasiyana. Sitima ikagwa panjanji, amuna akuluakulu amaima osafuna kugwira ntchito mpaka kamnyamata kachizungu ndi galu wake awakalipire. Tintin amalowa m'kalasi ya mishoni n'kuuza ana kuti lero aphunzira za dziko lawo, Belgium. Amapha nyama zosawerengeka, mpaka kuboola chipembere pamsana n'kuikamo bomba. Pothera pake iye atachoka, anthu a m'mudzi akugwadira mafano a Tintin ndi a galu uja.

Kodi imeneyi inali nthawi ya ndani? Chaka chomwecho cha 1931 chimene bukuli linatuluka, anthu a mtundu wa Pende ku Congo komweko anaukira msonkho ndi ntchito yokakamiza yothyola zipatso za kanjedza wa mafuta, ndipo asilikali a atsamunda anapha anthu mazanamazana. Mlaliki wa ku Congo Simon Kimbangu anali m'ndende ku Elisabethville, komwe lero ndi ku Lubumbashi, kuyambira 1921, ndipo anafera momwemo mu 1951. Kuno John Chilembwe anali atauka kale mu 1915. Ngakhale pakati pa azungu, nkhanza za ku Congo pansi pa mfumu Leopold zinali zitaululidwa kale ndi kazembe wa Britain Roger Casement mu 1904, ndipo Mark Twain analemba kabuku komunyoza Leopold mu 1905. Anthu onsewa ankakhalanso m'nthawi yomweyo. Tikamati aliyense ankaganiza choncho, "aliyense" ameneyo tawerenga okhawo amene anali ndi makina osindikizira, ndipo ojambulidwawo tawasiya panja. Nthawi imatithandiza kumvetsa chifukwa chimene mnyamata wa ku Brussels anajambulira chonchi, koma siisintha chimene mwana wakuda akuona akatsegula tsambalo.

Hergé mwini wake pambuyo pake anavomera kuti anakulira m'maganizo atsankho a anthu amene anamuzungulira, ndipo Congo ankaidziwa kudzera m'zokamba za anthu basi. Mu 1946, pojambulanso bukuli ndi mitundu, anachotsa phunziro la Belgium lija n'kuika masamu, ndipo mu 1975 chipembere chija anachisiya chamoyo chifukwa osindikiza a ku Scandinavia anakana. Nkhope za anthu zinakhalabe za milomo ikuluikulu ija. Mu 2007 munthu wina wa ku Congo wokhala ku Belgium, Bienvenu Mbutu Mondondo, anakasuma kuti bukuli liletsedwe, ndipo mu 2012 khoti la ku Brussels linakana, ponena kuti Hergé analibe cholinga chodzutsa chidani. Ine ndikugwirizana ndi khoti kuti buku lisaletsedwe. Koma cholinga cha wolemba ndi funso la oweruza milandu, si funso la kholo. Mwana sawerenga cholinga. Ndikudziwanso kuti ku Kinshasa osema amagulitsa zidole za Tintin ndipo ambiri kumeneko amangoliseka bukuli. Amenewo ndi akuluakulu amene akudziwa mbiri yawo, akuseka mmene mzungu ankawaonera. Mwana wazaka 10 chishango chimenecho alibe.

Ndipo umboni wakuti dzina la pachikuto silokwanira uli kwa Hergé yemweyo. Mu 1934, anthu atamva kuti Tintin apita ku China, wansembe wina amene ankasamalira ophunzira a ku China ku Louvain, mzinda wa ku Belgium, anamulembera kalata yomuchenjeza kuti asabwereze zachibwana. Anamukumanitsa ndi wophunzira zosema ndi zojambula dzina lake Zhang Chongren. Awiriwa anakhala mabwenzi, Zhang anamufotokozera za kwawo, ndipo m'menemo munatuluka The Blue Lotus, mmene Tintin ndi mnyamata wa ku China amakhala pansi n'kumaseka mabodza amene azungu amakhulupirira za anthu a ku China. Dzanja lomwelo, patangopita zaka zinayi. Chimene chinasintha n'chakuti anakhala pansi ndi munthu mmodzi wa mtundu umene ankaujambula. Mukataya onse chifukwa cha la Congo, mwataya ndi limeneli lomwe. Mukalandira onse chifukwa cha limeneli, mwalowetsa la Congo m'chipinda cha mwana.

Za Blyton ndidutsa mwachangu pa moyo wake. Mwana wake wamng'ono Imogen analemba mu 1989 kuti mayi ake analibe mtima waukholo ngakhale pang'ono, pamene mkulu wake Gillian ankawakumbukira mwachikondi. Imeneyo ndi nkhani ya m'banja la eni, ndipo sindikuona chimene ikuchita pa mabuku ake a Famous Five. Za patsamba ndiye zilipo. M'mabuku ake akale a Noddy, kachidole kamtengo, muli zidole zakuda zimene m'nkhani ina zimamutengera Noddy kunkhalango n'kumulanda galimoto ndi zovala. Palinso kankhani ka chidole chakuda chimene anzake amachida chifukwa cha nkhope yake, mpaka mvula itachitsuka n'kuyera m'pamene amachilandira. Phungu wa nyumba ya malamulo Lena Jeger anakadzudzula m'nyuzipepala ya Guardian mu 1966, Blyton ali moyo. Mu 1960 kampani ya Macmillan inakana kusindikiza buku lake lina ati chifukwa akuba ake anali oipa pongokhala alendo ochokera kunja. Kankhani ka chidole kaja mukakapeza m'katoni, kachotseni osafunsa munthu. Mwana wamkazi wakhungu lakuda, m'dziko limene mafuta oyeretsa khungu akugulitsidwa pamsika uliwonse, safunika kumva kuti chikondi chimabwera khungu likayera.

Koma Famous Five, mabuku 21 amene anatuluka pakati pa 1942 ndi 1963, ndi nkhani ina. Ana anayi ndi galu, tchuthi, mapanga, akuba, chakudya chambiri. Zilipo zokhumudwitsa: Anne nthawi zonse ndiye wokonza chakudya ndi pogona, ndipo munthu wosauka kapena wachilendo amayamba wakayikiridwa. Komabe mabukuwa ali ndi mphamvu imodzi imene aphunzitsi ambiri amainyoza: mwana akamaliza mutu umodzi amafuna winawo. Choopsa chimene ine ndimachiona mwa Blyton si tsamba limodzi loipa, koma kuchuluka kwake. Analemba mabuku mazanamazana, ndipo mwana angathe kukula nawo okhaokha n'kuyamba kuganiza kuti nkhani zimachitikira ana a ku England basi. Chimamanda Adichie anafotokoza mu 2009 kuti ali mwana ku Nigeria, nkhani zimene ankalemba zinali za ana oyera a maso abuluu, osewera m'chipale chofewa ndi kudya maapozi, pamene iye ankadya mango ndipo chipalecho anali asanachionepo. Chinua Achebe ananenapo kuti ali pasukulu, powerenga nkhani za azungu oyenda mu Africa, mtima wake unkakhala mbali ya azunguwo. Atakhala kholo n'kuona mabuku amene mwana wake wamkazi ankakumana nawo, anayamba kulembera ana, ndipo Chike and the River linatuluka mu 1966. Sanapite kukatentha mabuku a eni, anawonjezera ake.

Mwina mwamvanso zoti mabukuwa "akukonzedwa", ndiye mungaganize kuti njira ndi kugula atsopano. Mu February 2023 zinadziwika kuti kampani yosindikiza mabuku ya Puffin yasintha malo mazanamazana m'mabuku a Dahl. Mawu onena za kunenepa ndi kunyansa anachotsedwa m'malo ambiri. Mu The Witches anawonjezeramo chiganizo chimene Dahl sanalembe, chakuti akazi amavala mawigi pa zifukwa zambiri ndipo palibe cholakwika. Mu Matilda, pamndandanda wa alembi amene mtsikanayo ankawerenga, anachotsa Joseph Conrad ndi Rudyard Kipling n'kuika Jane Austen ndi John Steinbeck. Wolemba mabuku Salman Rushdie, amene sanabise kuti Dahl sanali mngelo, anati uku n'kuletsa mabuku kopanda nzeru, ndipo pasanathe masiku ambiri kampaniyo inalengeza kuti isindikizanso akale aja osasintha, kuti anthu azisankha okha. Kampani ya Hodder inayesa kusintha chilankhulo cha Famous Five mu 2010 kuti chimveke chamakono, n'kubwerera m'mbuyo mu 2016 poona kuti owerenga sanazikonde.

Ine ndimasiyanitsa. Mwini buku akakonza yekha ali moyo, monga Dahl mu 1973, ndi ufulu wake. Koma anthu ena akamalemba ziganizo zawo pansi pa dzina la munthu wakufa, osauza wowerenga pamene asintha, amamunamiza mwana kawiri: amamuuza kuti wolembayo ananena zimene sananene, ndiponso kuti kale kunalibe tsankho. Ndipo taonani zimene anasankha kukonza. Mnyamata wosusuka wa m'buku la fakitale ya chokoleti lija sakutchedwanso wonenepa, koma antchito a m'fakitale akulandirabe koko. Osaiwalanso kuti Netflix inagula kampani yosunga mabuku a Dahl mu 2021. Pamene pali ndalama zotere, kutsuka buku kumakhalanso kutsuka malonda.

Nkhani ya ndalamayi ikukhudzanso funso lanu. Ena amati kugula buku la munthu woipa n'kumudyetsa. Kwa wolemba wamoyo, amene ndalama zake akuzigwiritsa ntchito popweteka ena, funsolo ndi lenileni ndipo aliyense aliyankhe ndi chikumbumtima chake. Kwa inu silikukwana. Anthuwa anamwalira, mabuku ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo palibe tambala imene ikuchoka ku Chilomoni kupita kwa aliyense.

Kodi mwana auzidwe za moyo wa Dahl? Pa zaka 10 sindingamuyambe ndine. Akadzafunsa, kapena akadzaziona pa intaneti, musamubisire ndipo musachepetse: munthuyu ankadziwa kulemba, komanso analankhula zoipa kwambiri za Ayuda, zonse n'zoona. Mwana amene akukula pakati pa anthu amadziwa kale kuti amalume oseketsa aja ndi omwenso amavuta akaledzera.

Muyezo womwewu tiziugwiritsanso ntchito pa mabuku athu. Nthondo, limene Samuel Josia Ntara analemba ali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma n'kupambana nalo mpikisano mu 1933, lili ndi fungo la nthawi yake: moyo wa munthu umawongoka akafika pa chikhristu cha amishoni. Sitilitaya pa chifukwa chimenecho, ndipo sitinamizira kuti fungolo mulibe.

Ndiye katoni ija, mayi, ikhuthuleni pamphasa tsiku lina mwana ali kusukulu. Matilda ndi ena a Dahl apite kwa mwana. La fakitale ya chokoleti muwerengere limodzi. Famous Five ndi Secret Seven a Blyton apite, koma a Noddy akale ndi timabuku ta nkhani zifupizifupi ta Blyton muyambe mwatsegula masamba, zithunzi zokha zikuuzani msanga. Tintin wa ku Congo, ngati alimo, mubise m'sutikesi mpaka mwana adzafike ku sekondale n'kuyamba kuphunzira za kugawana kwa Africa ku Berlin mu 1884; pamenepo lidzakhala umboni wabwino kuposa notsi za m'kalasi. A Tintin enawo muwaonenso zithunzi, chifukwa anthu akuda amatulukira apo ndi apo ali ndi nkhope zomwe zija. Alamu anu, poti ndi aphunzitsi ndipo nkhaniyi yawakhudza, apatseni ntchito: akufunireni Chike and the River la Achebe lija, komanso buku la William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu limene lilinso m'kalembedwe ka ana, ndi Sikusinja ndi Gwenembe la J.W. Gwengwe. Achemwali a ku Leicester nawo muwauze kuti katoni yotsatira adzaikemo ndi mabuku a alembi a mu Africa, poti kumeneko amapezeka mosavuta kuposa kuno.